Njovu ya ku Marysville ndi Mwini Sipanala

Ilire ng'oma! Ilire, mwini msewu wadzuka! Ilire za njinga yamoto ya Gold Wing, njovu ya miyendo iwiri, chimphona chogona m'fumbi, mkango umene dzimbiri linauyesa ndiwo yake!

Ndiwe mdzukulu wa chipala. Ndiwe mbumba ya Soichiro Honda, mwana wa wosula zitsulo, uja anatola timainjini totsala ta mawailesi a asilikali ku Hamamatsu mu 1946, dziko lili phulusa lokhalokha, n'kutimangirira pa njinga zakapalasa. Ndiwe magazi a otola zotayidwa. Ndiwe wa fuko lija linaonekera ku Cologne mu 1974. Ndiwe GL1100 wa 1983, wobadwira ku Marysville m'chigawo cha Ohio, mtima wako utachita kuoloka nyanja kuchokera ku Japan. Iwe wa masilinda anayi ogona chopingasa, awiri uku awiri uko, nyanga za njati! Iwe wozizira ndi madzi, wokana tcheni, woyendera shafti! Iwe wobisa thanki kunsi kwa mpando, wonyamula mabokosi m'nthiti, wa makilogalamu opyola 300, phiri loyenda pa phula!

Mbale wako ndi uja ananyamula Emilio Scotto wa ku Argentina, ananyamuka mu 1985, anabwerako mu 1995 atameza makilomita 735,000. Fuko losadziwa kutopa! Fuko lomwa mtunda!

Koma anakugoneka. Anakugoneka kuseri kwa galaja, nsanza kumutu. Anakugoneka mpaka mbewa zinaberekera m'sefa yako ya mpweya. Petulo anauma m'makabuleta, matayala anang'aluka, batire linafa, mabuleki anagwira osafunanso kusiya. Mfumu inagona, akangaude n'kulowa ufumu.

Tsono tembenuzani ng'oma, ilire za munthu!

Inu bambo, inu a zikhatho zachikumba! Inu amene chaka cha 2009 chinakupezani muli chilili, chaka chimene ku America anthu pafupifupi 10 pa 100 aliwonse ogwira kapena ofuna ntchito anakhala pakhomo, mageti a mafakitale akutsekedwa ndi maunyolo, ngakhale ku Marysville komweko mzere wa njinga zamoto n'kuzima, Gold Wing ikulongedza wa ku Kumamoto. Kalata inabwera, yaifupi, yaulemu, yakuthwa. Anakulandani chitupa cha pageti. Anakulandani malipiro a Lachisanu. Anakulandani belu la m'mamawa ndi anzanu a pa nkhomaliro. Manja sanakulandeni! Manja anabwera nanu kunyumba, onse awiri, ali ndi njala!

Inu woona mfumu m'nsanza! Inu amene munagwada pambali pa chimphona chili pa malonda, mwini wake atatopa nacho, n'kupukusa injini ndi dzanja kuti mumve ngati mtima ukadali womasuka. Inu wonenerera mtengo mpaka wogulitsa anausa moyo n'kutambasula dzanja. Inu amene munawerenga ndalama zotsanzikira ntchito pa mpando wong'ambika. Abale anati mwazungulira mutu, ndipo sananame kwenikweni: ndani amagula njovu yakufa ngongole ya nyumba ikugogoda pachitseko? Koma ng'oma siilirira ochenjera. Ng'oma imalirira olimba chiwindi.

Munamasula! Munamasula makabuleta anayi a Keihin, kabowo ndi kabowo, mpaka kuwala kwa nyali kunadutsa. Munamasula malamba awiri a kutsogolo, malamba osadziwa kukhululuka, amene akaduka mavavu amagundana ndi mapisitoni, injini n'kudzidya yokha. Munamasula injini yonse, kuizula m'mafupa ake, kuigoneka pa thabwa, pakuti stator yobala magetsi inabisala kumbuyo kwenikweni, kumene dzanja silifika njovu isanatumbulidwe. Munamasula mabauti odyedwa ndi dzimbiri, ena ndi sipanala, ena ndi moto, ena ndi matemberero amene ana sanayenera kumva. Munamasula, n'kuyala zonse pansi, chitsulo chilichonse pa malo ake, galaja n'kusanduka bwalo la milandu, inu woweruza.

M'mawa makalata ofunsira ntchito, madzulo sipanala. M'mawa foni ili zii, madzulo nyundo ili pho pho pho. M'mawa munthu wosafunika, madzulo sing'anga wa zitsulo, mzamba wa mikango, mdzutsa-akufa! Magazi pa zala, oyilo m'zikhadabo, chisanu cha Ohio chikuluma m'mawondo. Zina munagula zakale kwa ophwasula njinga, zina munasula nokha, zina munadikira mwezi uthe.

Ndipo linafika tsiku. Njovu inatsokomola. Inalavula utsi. Inanjenjemera, n'kukhala chete, mtima wanu uli m'khosi. Kenaka inabangula! Inabangula, malata a galaja n'kuvomera! Inabangula, agalu a m'mudzi n'kulowa pansi pa makonde! Inabangula masilinda onse anayi pamodzi, mawu amodzi, bingu la mvula yoyamba, ndipo amayi a kunyumba anatulukira pakhomo manja ali m'chiuno, akulimbana ndi kumwetulira.

Patukani, akudza! Akudza wochotsedwa ntchito pamsana pa wotayidwa! Akudza mafumu awiri amene dziko linawalemba m'buku la otha ntchito! Akudza Chigumula ndi Chiphaliwali, Mng'amba-mphepo ndi Msula-tsoka, Kagona-m'fumbi ndi Kakana-kugwada!

Mtsinje wa Ohio, gona pansi pa mlatho, adutse! Mapiri a Appalachia, weramitsani mitu! Blue Ridge Parkway, yala mamailosi ako onse 469, mlendo wako ndi wamkulu! Iwe Deals Gap, chinjoka cha makona 318 pa mamailosi 11, pinda mchira wako, pakuti zitsulo zopondapo mapazi zikubwera zikukhula phula, zikulavula nthethe za moto! Mississippi, kholo la mitsinje, konza madzi ako, njovu ili ndi ludzu la kumadzulo!

Ombani m'manja, inu a m'magalaja! Imbani malikhweru, inu oima pa mizere ya ofuna ntchito! Lizani mahutala, inu a mathiraki! Thanki yadzaza, malamba ndi atsopano, chisoti chamangidwa pachibwano, msewu watambasuka mpaka kumene maso alekeza. Kankhani giya, bambo! Yachitatu! Yachinayi! Yachisanu, bambo, yachisanu!