Dothi la Mankhamba ndi Mbiri Yathu ya Kunyanja

Mbiri ya Chisilamu m'mbali mwa nyanja ya Malawi imakambidwa m'njira ziwiri, ndipo zonsezo n'zotsimphina. Njira yoyamba, imene ana athu amakumana nayo kawirikawiri, imati dera lino linali lobisika kufikira pamene Aluya ndi Aswahili adafika ndi mfuti, magoli ndi chipembedzo chawo. Njira yachiwiri ndi yathu ya pakhonde la mzikiti, yotamanda a Jumbe ndi mafumu a Chiyao monga ofalitsa Chisilamu basi, nkhani ya akapolo n'kuilumpha. Buku la Yusuf Juwayeyi lotchedwa Archaeology and Oral Tradition in Malawi, lomwe lidatuluka mu 2020, silikamba za Chisilamu, koma likutithandiza kuwongola njira ziwiri zonsezi.

Juwayeyi ndi Mmalawi, katswiri wofukula zakale, amene adatsogolerapo nthambi ya boma yosamala zinthu zamakedzana. Bukuli likufotokoza zomwe adafukula ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, pamene nkhani za makolo zimati padali likulu la a Kalonga, mafumu a Amaravi. Mphamvu ya bukuli yagona pa kachitidwe kake. Wolembayo sakunyoza nkhani zapakamwa, monga zimene Samuel Nthara adasonkhanitsa m'buku la Mbiri ya Achewa, komanso sakuzimeza zosatafuna. Akuziika pambali pa mapale, mafupa a nyama ndi makala oyezedwa zaka, kuti mboni ziwirizo zifunsane.

Wophunzira za Hadith sangadabwe ndi njira imeneyi. Maulama athu sadalandire nkhani chifukwa choti ndi yokoma m'khutu. Ankafufuza isnad, mndandanda wa amene adailandirana, kenaka n'kuyesa matn, mawu ake enieniwo. Ibn Khaldun, polemba Muqaddimah mu 1377, adadzudzula alembi a mbiri okopera nkhani popanda kuiyesa ndi mmene anthu amakhalira. Wofukula pansi akungowonjezera mboni ina, mboni yosadziwa kukometsa nkhani pamaso pa mfumu. Mayi amene ankataya phale kudzala sankaganiza zosangalatsa aliyense, n'chifukwa chake phalelo limakhulupirika.

Nanga dothi la Mankhamba lidatulutsa chiyani? Kuwonjezera pa mbiya ndi zitsulo za kuno, mudapezeka mikanda yagalasi yochokera kutsidya kwa nyanja yamchere, zinthu zamkuwa, minyanga ya njovu yosemedwa, ndi zidutswa za mbale za ku China za nthawi ya mafumu a Ming, amene adalamulira kuyambira 1368 kufika 1644. Zolembedwa zikugwirizana nazo: mu 1616 Mpwitikizi wina, Gaspar Bocarro, adayenda pansi kuchoka ku Tete, kudutsa dziko la Amaravi, mpaka kukafika ku Kilwa. Choncho pamene Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, ankakhazikika ku Nkhotakota cha m'ma 1840, njira zolumikiza nyanja yathu ndi gombe la kum'mawa zidali zitapondedwa kale kwa zaka zoposa 200. Makolo a kuno adali eni malonda, odziwa mtengo wa mnyanga, osati anthu ongodzidzimutsidwa ndi alendo.

Pano m'pofunika kudzigwira. Ena mwa ife, pomva za mikanda ndi mbale zimenezi, adzathamangira kulengeza kuti Chisilamu chidali ku Mankhamba. Bukuli silikunena zimenezo, ndipo ife tisalinamizire. Mkanda umadutsa m'manja ambiri, ndipo wouvala satchula Shahada chifukwa cha mkandawo. Umboni wa Chisilamu pansi pa nthaka umaoneka mwa mtundu wina, monga momwe Mark Horton adaupezera ku Shanga, kuzilumba za Lamu m'dziko la Kenya. Pansi pa mzikiti wamiyala adapeza mizikiti ina yosanjikizana, wakale kwambiri uli wamitengo, womangidwa chaka cha 800 chisanakwane kapena chapafupi pomwepo, pakati pa mudzi wa anthu a mu Africa. Zimenezi zidagwedeza ganizo lakale lakuti mizinda ya Aswahili idali ya atsamunda ochokera ku Arabia ndi Persia. Kumeneko dothi lidachitira umboni Chisilamu. Ku Mankhamba lachitira umboni malonda. Kusiyanitsa ziwirizi ndiko kukhulupirika.

Kukhulupirika komweko kukutikakamiza kuyang'ana mbali yowawa. Njira zimene zidabweretsa nsalu, mikanda ndi aphunzitsi a Qur'an m'zaka za m'ma 1800 ndi zomwezo zimene anthu ogwidwa ankayendamo. Ngalawa za ku Nkhotakota zinkaolotsa minyanga ndi akapolo, ndipo mafumu monga Makanjira ndi Mataka adalemera ndi malonda amenewa. Kukana zimenezi n'kupatsa mwana chishango chapepala. Tsiku limene adzawerenge yekha adzataya chikhulupiriro mwa amene adamuphunzitsa. Koma n'zoonanso kuti Chisilamu sichidathe pamene malonda a akapolo adathetsedwa m'ma 1890. Chidapitiriza kukula chifukwa cha mashehe monga Abdallah bin Haji Mkwanda ndi Thabit bin Muhammad Ngaunje, amene ankayenda m'midzi ndi mabuku, kuphunzitsa kuwerenga ndi kuswali. Mwana wodziwa mbali zonse ziwiri sachita manyazi m'kalasi, komanso sadzitukumula.

Bukuli lili ndi polemera pake. Lidalembedwa m'Chingerezi cha ophunzira, ndipo magawo ofotokoza mitundu ya mbiya, mikanda ndi mafupa amafuna woleza mtima. Mdzukulu wa woumba mbiya wa ku Mankhamba sangaliwerenge mosavuta atakhala pamkeka madzulo. Chinanso, maso a wolembayo ali pa Achewa ndi ufumu wa Kalonga, kotero wofuna kumva za midzi ya Chiyao kum'mawa kwa nyanja, kapena za mizikiti yoyamba ya ku Nkhotakota, ayenera kufufuza kwina, monga m'buku la Malawi's Muslims lomwe David Bone adasonkhanitsa mu 2000. Umenewu si mlandu wa Juwayeyi. Ndi ngongole yathu, ife amene timatumiza ana ambiri kukaphunzira Fiqh ndi Chiarabu koma sitiwalimbikitsa kuphunzira kuwerenga nthaka imene agogo awo adagonamo.

Nthakayo ikutha tikuona. Ku Nkope, m'boma la Mangochi, kudafukulidwa mbiya zakale kwambiri mpaka akatswiri adatcha mtundu wonse wa mbiyazo dzina la malowo, ndipo ku Nkhudzi kudafukulidwa manda akale. M'madera omwewa lero anthu akukumba mchenga, kuumba njerwa ndi kumanga nyumba za alendo. Khasu likatulutsa mapale, mikanda kapena mafupa, tisamwaze. Tidziwitse amfumu ndi a nthambi ya boma yoona zakale, pakuti chinthu chikachotsedwa pamalo pake umboni wake watha. M'nyumba zathu namonso muli mabuku akale olembedwa pamanja m'zilembo za Chiarabu, amene chiswe chikudya m'masutikesi. Agogo amene akudziwa yemwe adamanga mzikiti woyamba pamudzi, ndi kwa yemwe adaphunzira, sakhala nafe mpaka kalekale.

Qur'an yolemekezeka imatilimbikitsa m'malo angapo kuyenda padziko ndi kulingalira za mathero a mibadwo yakale. Aphunzitsi a madrasa amene angathe kuwerenga bukuli aliwerenge, alifotokozere makolo m'Chichewa ndi m'Chiyao, ndipo komiti ya mzikiti uliwonse ilembe mbiri yake, potchula amene wanena nkhani iliyonse ndi kumene iyeyo adaimva. Allah ndiye Wodziwa koposa.