Mphunzitsi wodziwa kukhala chete

Luso la mayi ameneyu ndidaliona bwino pamene adasiya kuyankhula. Munali mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, pasukulu ina ya pakati pa minda ya fodya chakufupi ndi Chinkhoma, m'boma la Kasungu. Ana a Sitandade 4 adakhala m'magulu pamthunzi. Pakati pa gulu lililonse panali pepala lalikulu la nkhani yolembedwa pamanja, ndi timakatoni tinayi todulidwa ku bokosi la sopo. Pa timakatonipo adalembapo maudindo: Wolosera, Wofunsa, Womasulira, Woomba mkota.

Kamnyamata kogwira udindo wolosera kadayang'ana mutu wa nkhani nkunena kuti mbuzi yosowa ya m'nkhaniyo ipezeka kudimba. Atawerenga ndime yoyamba, Wofunsa adaponya funso lake: n'chifukwa chiyani mtsikana wa m'nkhaniyo sadauze amayi ake msanga? Kenaka adagwa pa mawu akuti "adazyolika". Onse adatembenukira kwa mphunzitsi.

"Madamu, mawu awa akutanthauza chiyani?"

"Kodi lero Womasulira ndine?" adatero mayiwo, akumwetulira.

Womasulira adabwereza chiganizocho, nawerenganso chotsatira, pomwe mtsikanayo adalephera kuyang'ana amayi ake kumaso. "Ndiye kuti adaweramitsa mutu ndi manyazi," adatero. Mayiwo adangogwedeza mutu, ulendo ku gulu lina.

Kaphunzitsidwe kameneka kadachokera ku America, kumene Annemarie Palincsar ndi Ann Brown adakafotokoza mu 1984. Iwo ankathandiza ana otha kutchula mawu bwinobwino koma osagwira mutu wa zomwe awerenga. Vutoli kuno timalidziwa. Chiyambireni ndondomeko ya kuwerenga ya National Reading Programme mu 2016, aphunzitsi a makalasi oyamba akhala akulimbikira maliwu ndi maphatikizo, ndipo ndi pamenepo kuwerenga kumayambira. Koma mwana akhoza kuthamanga ndi tsamba lonse osapunthwa, ukamufunsa kuti mbuzi idapita kuti, iye maso pansi.

Mayiwa adaidziwa njirayi kudzera pa foni. Akagula bandulo, amaonera makanema a aphunzitsi akunja, natapa nthano pa African Storybook, nkhokwe yaulere ya nkhani za ana m'zilankhulo za mu Africa yomwe bungwe la Saide la ku South Africa lidakhazikitsa. Koma m'makanemamo mumakhala ana owerengeka, aliyense buku lake m'manja. Kalasi ya mayiwa ndi yosefukira mpaka pakhomo, ndipo foni ndi imodzi. Ndiye usiku amakopera nkhaniyo pamapepala, nasintha mawu achilendo kuti amveke monga amayankhulira anthu a kuno. Chomwe chidandigwira mtima ndi kadulidwe kake ka nkhani. Ndime iliyonse amaithera pomwe zinthu zafika pachimake, kuti Wolosera akhale ndi chonena ndipo anzake ayabwidwe kufuna kudziwa ngati walasa. Mawu ovuta sawachotsa onse. Amasiya awiri kapena atatu, pamalo oti chiganizo choyandikana nacho chingawaulule.

Aliyense wolima fodya ku Kasungu amadziwa kukhwimitsa mbande. Poyamba nazale amaithirira m'mawa ndi madzulo, ataiphimba ndi udzu. Nthawi yowokera ikamayandikira, udzu amauchotsa pang'onopang'ono, madzi nkumachepetsa, kuti mbande izolowere dzuwa isanapite kumunda. Ukaisasatitsa, imakafa pamzere. Ukaimana madzi msanga, imafera panazale pomwepo. Mayiwa amalera owerenga ake chimodzimodzi. Masabata oyamba maudindo onse anayi ankawagwira okha, akuganiza mokweza mawu pamaso pa ana: "Apa sindinamve, ndibwerere m'mbuyo." Kenaka adapereka udindo umodzi, wofunsa, poti ndiwo ana amaukonda. Kuomba mkota kudabwera pomaliza, chifukwa mwana amafuna kubwereza nkhani yonse, ndipo kusiya mankhusu nkutola njere zokha kumatenga nthawi. Timakatoni timasinthana manja tsiku lililonse, kotero ngakhale mwana wamanyazi, kapena uja amajomba nyengo yosoka fodya m'zigafa, tsiku lake lotsogolera limamupeza.

Kuyang'ana patali, ungati mphunzitsi akupuma. Koma khutu lake lili pagulu lililonse. Akamva funso losaya, longofuna dzina la munthu, amanong'oneza Wofunsa kuti ayambe ndi "chifukwa chiyani". Akaona gulu lasochera, amawerengera kaye chamumtima asanalowerere, poti nthawi zambiri ana amabwerera okha panjira.

Belu litatsala pang'ono kulira, Woomba mkota wa gulu lija adaimirira nanena nkhani yonse m'ziganizo ziwiri. Mbuzi sidapezeke kudimba. Wolosera adakana, nati awerengenso ndime yachitatu, umboni wake uli pamenepo. Mitu idagundana papepala. Belu lidalira, anawo akadali mkati mwa mkangano, ndipo mayiwo anali atayamba kale kutolera timakatoni ta magulu ena.