Moto wa Yohane ndi Moto wa Mlonda

Kabuku kamene kakuzungulira m'miphakati ya ku Area 14 ndi madera oyandikana nawo muno mu Lilongwe kalibe dzina la mlembi. Ndi timasamba towerengeka tomanga ndi waya, ndipo muli mawu osinkhasinkha pa pemphero ndi pa masiku a oyera mtima kuyambira Juni mpaka Ogasiti. Ndakawerenga kawiri. Chichewa chake nchosalala ngati nsima ya ufa woyera, ndipo dandaulo langa lagona pomwepo: munthu wodziwa chiyankhulo chotere sanayenere kutipatsa nyengo yobwereka.

Taonani mutu wa pa 24 Juni, tsiku la kubadwa kwa Yohane Mbatizi. Mlembi akuti dzuwa lafika pachimake, usana watalika, ndipo kuyambira lero uyamba kufupika, monga Yohane anadzichepetsera kuti Khristu akule. Ganizoli nlokoma, ndipo nlakale. Augustine Woyera, episkopi wa ku Hippo amene anamwalira mu 430, ankalalikira zomwezi: Yohane abadwa usana ukayamba kufupika, Yesu abadwa usana ukayamba kutalika. Komatu Hippo ali kumpoto kwa Africa, m'dziko limene lero tikuti Algeria. Kuno kummwera zinthu nzotembenuka. Usana wathu waufupi kwambiri umagwa cha pa 21 Juni, tsono pofika tsiku la Yohane dzuwa limakhala litangoyamba kuwonjezera. Mukalitsata fanizolo mokhulupirika muli pa Lilongwe pano, Yohane ndiye akukula, Yesu wa mu Disembala ndiye akuchepa. Ulaliki wayenda chafutambuyo, eni ake osadziwa.

Mwina mukuti ndikulimbana ndi zazing'ono, nanga ndani amapemphera ali ndi wotchi m'manja kuyeza usana? Chabwino. Koma tsegulani tsamba lotsatira. Mlembi akusimba za moto umene anthu a ku Ulaya amasonkha usiku wa Yohane, achinyamata nkumavina mouzungulira poti kunja kwafunda. Akutipempha kuti "tiuone m'maganizo" motowo. Amangwetu, kodi moto wa mu Juni ngofunika kuuona m'maganizo ku Area 14? Yendani mumsewu uliwonse wa kuno m'bandakucha. Kuseri kwa geti, pansi pa mpanda wa njerwa, mupeza mlonda atakhala pa chitini, wadzikuta chikhothi chong'ambika, akuwotha timakala m'mbaula pamene mwera ukumuboola m'mafupa. Ambiri mwa alondawa ndi akhristu anzathu, ena amachoka kutali wapansi, ndipo Lamulungu akaweruka amalowa Misa maso ali psuu. Yohane wa m'chipululu, wovala ubweya wa ngamira, wodya dzombe, wokhala maso kudikira wina wamkulu, angamumvetse bwino mlonda uja kuposa ovina a ku Spain. Ndipo dzombe sitichita kulimasulira kwa Mmalawi. Mlembi anali ndi ulaliki wathunthu pageti pake, koma anaudutsa nkupita kukabwereka kutsidya kwa nyanja.

Za Petulo ndi Paulo pa 29 Juni ndingoti mutuwo ulibe vuto, ulibenso moyo. Ungawerengedwe ku Rome kapena ku Mchinji, sungadzutse munthu.

Pa 15 Ogasiti, tsiku la Maria kutengedwa kumwamba, matenda aja abwereranso. Tikuwerenga za minda yobiriwira, maluwa ndi zitsamba zonunkhira zimene akhristu amapita nazo kutchalitchi kuti zidalitsidwe. Umenewo ndi mwambo weniweni wa ku Germany ndi maiko ena, sindikuunyoza ayi. Koma Ogasiti wathu ndi fumbi, kamvuluvulu, udzu wouma ndi utsi wa lupsa. Chimanga chidalowa kale m'nkhokwe. Ndi nyengo ya maukwati ndi ziliza, pamene mabanja amasonkhana kumudzi kukumbukira amene anatsogola. Kodi pali nthawi ina yabwino kuposa imeneyi yolankhula za thupi la munthu ndi kumene likupita? Ndipo kumapeto kwa mweziwo mitengo ya mombo imayamba kutulutsa masamba ofiira mvula isanagwe ndi dontho lomwe. Wandakatulo aliyense akanalumpha ndi chimwemwe kupatsidwa fanizo lotere kwaulere.

Chondipweteka nchakuti mlembiyu amatha. Umboni wake ndi mutu woyamba, wa pa 3 Juni, wonena za Charles Lwanga ndi anzake amene anatenthedwa ku Namugongo mu 1886 molamulidwa ndi Kabaka Mwanga, omwe Papa Paul VI anawatchula oyera mu 1964. Apa zikuoneka kuti analibe buku lachizungu pambali. Ziganizo zafupika, mawu akupuma. Akufanizira anyamata a kubwalo la mfumu aja ndi mtsikana wantchito amene bwana akumuitana kuchipinda mayi atachoka, ndipo akufunsa kuti pemphero la munthu wotere limatuluka bwanji pakamwa pamene malipiro a mwezi ali m'thumba la bwanayo. Sakupereka yankho lotsekemera. Akungoti Kizito anali mwana, ndipo anaopa monga mwana aopera. Ndinamva kuti mutuwu utawerengedwa pa mphakati wina panali zii, ndipo sindikudabwa, poti m'nyumba zambiri za kuno wantchito ndi bwana amagwada pa kapeti imodzi.

Sindikupempha kuti kalendala ya Mpingo isunthidwe. Masiku a oyera ndi amodzi padziko lonse, ndipo nzabwino kutero. Ndikunena za maso a wolemba. Pamene Episkopi Patrick Kalilombe ankalimbikitsa miphakati mu dayosizi ya Lilongwe m'zaka za m'ma 1970, cholinga chinali chakuti Mpingo umere mizu pamene anthu akukhala. Masisitere a Poor Clares muno mu Lilongwe, amene tsiku la mayi wawo Clare Woyera limagwa pa 11 Ogasiti, anaonetsa kalekale kuti ng'oma ndi mayimbidwe akwathu zimakwana m'pemphero la munthu wa ku Assisi popanda kulichepsa. Ku Mua, Bambo Claude Boucher anayambitsa Kungoni mu 1976, ndipo osema a kumeneko akhala akupatsa oyera mtima nkhope zimene timakumana nazo pamsika. Oyimba ndi osema anayenda ulendowu. Olemba mawu osinkhasinkha ndiwo akutsalira, akadali kumasulira.

Ndamva kuti kabuku kachiwiri, ka Adventi mpaka Lenti, kali m'njira. Ndikudikira kuona chimene mlembi adzanene za kusala kudya kwa anthu amene Lenti imawapeza mu Febuluwale ndi Malichi, nkhokwe zitagona, chimanga chikadali ndi ngayaye.