Ndani akusowa pa zithunzi za gombe la Oman?

Mzinda wa Lilongwe uli kutali ndi nyanja yamchere, koma gombe la dziko la Oman limaoneka m'maso mwa anthu ake kawirikawiri. M'nyumba za mipanda italiitali za ku Area 10, Area 12 ndi Area 43, gombeli limaoneka pa wailesi yakanema ndi pa YouTube ngati malo okapitidwako mphepo pa tchuthi. Ku Old Town, m'mbali mwa msewu wa Malangalanga, kumene maminibasi ochokera ku Salima ndi ku Mangochi amatsitsira anthu, gombe lomwelo limayenda pa WhatsApp ndi pa Facebook ngati dziko la ntchito ndi malipiro abwino. Oonera ndi osiyana, zolinga zawo n'zosiyananso, koma zithunzi zake n'zimodzimodzi: doko la Muttrah madzulo nyali zitayaka, Mzikiti Waukulu wa Sultan Qaboos umene unatsegulidwa ku Muscat mu 2001, madzi obiriwira a m'chigwa cha Wadi Shab, akamba a m'nyanja akuikira mazira pamchenga wa Ras al Jinz, ndi mapiri a Salalah atavala msipu m'nyengo ya khareef, kuyambira Juni kufika Seputembala, pamene madera ena a Arabia akupsa ndi dzuwa.

Kukongola kumeneku si kwabodza. Allah anakongoletsadi dziko limenelo, ndipo Qur'an yolemekezeka imatilimbikitsa kuyenda padziko ndi kulingalira zimene taona. Vuto la makanema amenewa lili pa zimene amasankha kusiya. Kamera imauluka pamwamba pa gombe lopanda munthu, imatsika pa mbale ya tende ndi kapu ya khofi, kenaka imakathera pa nkhope ya mlendo amene akudabwa ndi zonse. Wosesa m'msewu, wotsuka mbale, womanga hotelo ndi wolera ana a eni nyumba saoneka. Chonsecho anthu pafupifupi 4 mwa 10 alionse okhala ku Oman ndi obwera, ndipo ambiri a iwo anapita kukagwira ntchito zimenezi. Nkhani ya ulendo imayesedwa ndi anthu amene wolemba kapena wojambula wawaona. Ndi muyeso umenewu, makanema ambiri a lero amapepuka.

Kwa ife a ku Nkhotakota, Salima, Mangochi ndi Machinga, nkhaniyi ikutikhudza kuposa ena, chifukwa gombe la Oman ndi nsonga ina ya njira imene inathera pakhomo pathu. Pofika 1840, Sayyid Said bin Sultan anali atasamutsa likulu lake kuchoka ku Muscat kupita ku Zanzibar. M'zaka zomwezo Salim bin Abdallah anakhazikika ku Nkhotakota nadziwika ndi dzina la Jumbe. Zombo zake za matanga zinkawolotsa minyanga ya njovu ndi akapolo kupita tsidya la kum'mawa kwa nyanja, ndipo kuchokera kumeneko aulendo ankayenda pansi mpaka ku Kilwa. Njira yomweyo ndi imene inatibweretsera Qur'an, madrassa, zilembo za Chiarabu ndi mashehe monga Abdallah bin Haji Mkwanda. Dalitso ndi chilonda zinadzera khomo limodzi. Choncho munthu wa kunyanja akaona chombo cha matabwa chikukhomedwa m'tauni ya Sur, kumene luso limeneli lidakalipo, sakuona chinthu chachilendo. Akuona m'bale wake wa zombo za Jumbe, ndipo ayenera kufunsa zimene zombo zotere zinkanyamula.

Pali mabuku awiri akale amene amatithandiza kuona kusiyana kwa mlendo wopenya ndi mlendo wongodutsa. Loyamba ndi Rihla ya Ibn Battuta, Msilamu wa ku Tangier amene anabadwa mu 1304 nanyamuka kwawo mu 1325 kupita ku Hajj. Cha m'ma 1330 anafika ku Mogadishu, Mombasa ndi Kilwa, kenaka anakwera chombo kupita ku Zafar, mzinda umene mabwinja ake ali ku Salalah. Mphamvu ya Ibn Battuta ili pa tinthu ting'onoting'ono. Sabisa kuti msika wa Zafar unali wonunkha ndi wodzaza ntchentche chifukwa cha nsomba ndi zipatso. Akufotokoza kuti ziweto za kumeneko zinkadyetsedwa tinsomba ting'onoting'ono, chinthu chimene sanachione kwina kulikonse. Msodzi wa usipa wa ku Senga Bay kapena ku Makanjira angamve fungo la tsamba limeneli, pakuti ndi fungo la thandala lake lomwe. Akunenanso za ulendo wake wapansi kuchoka ku Sur kupita ku Qalhat, wa ludzu ndi mapazi otupa, pamodzi ndi womulondolera njira amene ankafuna kumubera zovala. Atafika ku Qalhat anayamikira mzikiti wa Bibi Maryam ndi kukoma kwa nsomba za kumeneko. M'masamba amenewa dziko lili ndi fungo, kutopa ndi mantha, zimene makanema a lero anazichotsa zonse.

Koma Ibn Battuta anali kadhi, mlendo wa mafumu, ndipo maso ake ankayang'ana kumene kunkachokera mphatso. Akufotokoza mwatsatanetsatane momwe anthu a ku Zafar ankalandirira mwini chombo ndi woyendetsa wake, powaveka zovala zaulemu, kuwaimbira ng'oma ndi kuwachereza masiku atatu. Akafika pa amayi ogulitsa malonda mumsika, akungotchula kuti ambiri anali akapolo ovala zakuda, napitirira. Sakufunsa kumene anachokera, kapena amene anawasiya akulira kwawo. Ku Kilwa akutamanda sultani chifukwa cha kuwolowa manja, natchula nkhondo zimene sultaniyo ankathira anthu a kumtunda ngati mbali ya ubwino wake. Ife owerenga a mkati mwa Africa tiyenera kuzindikira kuti anthu opanda maina amene ali m'mphepete mwa nkhani yake ndi anthu onga makolo athu. Tingathe kumulemekeza monga wolemba wamkulu wa Chisilamu popanda kutseka maso pa amene iye sanawaone.

Buku lachiwiri ndi Sons of Sindbad la Alan Villiers, mmalinyero wa ku Australia, limene linatuluka mu 1940. Kumapeto kwa 1938 Villiers anakwera chombo cha matanga cha ku Kuwait padoko la Aden. Anadutsa ku Mukalla ndi ku Shihr m'gombe la Hadhramaut, natsika ndi mphepo ya kaskazi kudzera ku Mogadishu, Lamu ndi Mombasa mpaka ku Zanzibar. Kuchoka apo analowa m'matsiriro a mtsinje wa Rufiji, kenaka anabwerera ndi mphepo ya kusi kudzera ku Muttrah, nafika ku Kuwait pakati pa chaka cha 1939. Aliyense amene anadikirapo mwera kuti uleke asanakankhe bwato angamvetse moyo wolamulidwa ndi mphepo umene bukuli likufotokoza.

Chimene chimakweza buku la Villiers ndi malo amene anagona. Anakhala miyezi yambiri pamodzi ndi amalinyero, akudya zimene iwo ankadya, ndipo anaona doko lililonse kuchokera pansi. Akulemba za anthu osauka a ku Hadhramaut amene anadzazana m'chombo popita kukasaka ntchito ku Africa, ndi za amayi amene anatsekeredwa m'chipinda chotentha cha kumbuyo kwa chombo ulendo wonse. Akulemba za amuna odula mitengo ya milimo m'matope a Rufiji, pakati pa udzudzu ndi malungo, kuti nyumba za ku Arabia zipeze denga. Koposa zonse akulongosola za ngongole. Mmalinyero ankalandira kandalama pasadakhale, nagwira ntchito ulendo wonse, ndipo pogawana phindu gawo lake linkachepa moti ankayambanso ulendo wina ali womangika kwa bwana yemweyo. Apa Villiers anaona chimene Ibn Battuta anachidumpha: kuti ulemerero wa madoko unakhazikika pamsana pa anthu amene sankatha kuchoka.

Nayenso ali ndi zofooka. Chikondi chake chachikulu chinali pa matanga ndi zingwe, ndipo nthawi zina amalira kutha kwa zombo kuposa momwe amalirira anthu ovutika m'zombozo. Amalankhula za mitundu ya anthu mophatikiza, monga ankachitira azungu a m'nthawi ya atsamunda, ndipo Waafrika wa pagombe kawirikawiri amangokhala chithunzi chakumbuyo. Komabe pa muyeso wathu uja, buku lake ndi lolemera kuposa makanema zana a mahotelo.

Pali chinthu china m'bukuli choyenera kuchilingalira. Mu 1939 osauka ankachoka ku Arabia kubwera ku Africa kudzasaka moyo. Mafuta a pansi pa nthaka anatembenuza mphepo. Lero ndi ana athu amene amachoka kunyanja, nafikira kwa achibale mu Lilongwe, nayendera za mapasipoti, kenaka n'kukwera ndege pabwalo la Kamuzu kudzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi. M'mwezi wa Malichi 2024, BBC Africa Eye inaonetsa kanema wotchedwa Trapped in Oman, wonena za amayi a ku Malawi amene anatengedwa mwachinyengo kukagwira ntchito za m'nyumba. Mmodzi wa iwo ankachita kabizinesi kakang'ono mu Lilongwe momwemuno, analonjezedwa ntchito yoyendetsa galimoto ku Dubai, koma anakapezeka ku Muscat. Amayiwo anasimba za kulandidwa mapasipoti, kugwira ntchito usana ndi usiku, kumenyedwa ndi kugwiriridwa. Oposa 50 anathandizidwa kubwerera kumudzi, ndipo chimene chinayambitsa chipulumutso chawo chinali gulu la pa WhatsApp. Chimene chinawamanga ndi dongosolo la kafala, limene limalumikiza chilolezo cha wantchito ndi bwana mmodzi, kotero kuti wochoka popanda chilolezo amayesedwa wothawa, ndipo bwana amafuna kubwezeredwa ndalama zimene analipira. Ngongole imene Villiers anaiona pachombo yangosintha chovala.

Kanema wa BBC anachita chimene makanema a tchuthi amachikana, pakuti anapereka mawu kwa wotsuka mbale uja. N'chifukwa chake banja lililonse la kunyanja liyenera kumuonera. Koma nayenso ndi theka la chithunzi. Ntchito yake inali kusonkhanitsa umboni wa nkhanza, osati kufotokoza dziko lonse, ndipo woonera wosadziwa mbiri angatuluke akuganiza kuti ku Oman kulibe china koma zipinda zokhomedwa. Kuno kwathu, kumene ena akadali ndi chizolowezi chogwirizanitsa Chisilamu ndi ukapolo, maganizo otere amavulaza Msilamu wa ku Mangochi amene sanalakwe kanthu. Yankho lake si kukana umboni wa amayiwo pofuna kuteteza dzina la chipembedzo. Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, anaphunzitsa kuti wantchito alipidwe msanga, adye ndi kuvala monga bwana wake, ndipo asasenzetsedwe choposa mphamvu zake. Bwana wolanda pasipoti ya mtsikana wolera ana ake akulakwira chiphunzitso chimenechi, ngakhale ataima mzere woyamba pa swala ya Jumu'ah.

Ngakhale ku Oman komweko alipo olemba amene sathawa nkhaniyi. Ukapolo unathetsedwa mwalamulo m'dzikolo mu 1970, chaka chimene Sultan Qaboos anatenga ufumu. Jokha Alharthi, m'buku lake lopeka limene m'Chingerezi limatchedwa Celestial Bodies, ndipo linapata mphoto ya Man Booker International mu 2019, anaika pakati pa nkhani yake mayi wobadwira mu ukapolo, amene kholo lake linagwidwa ku Africa. Ngati mwana wa dzikolo angathe kulemba zimenezi, ife tilibe chifukwa chokhalira chete poopa kukhumudwitsa abale athu m'chikhulupiriro.

Tikaziika pamodzi ntchito zonsezi, tikuona kuti aliyense anagwira mbali yake. Ibn Battuta anatipatsa fungo la msika ndi ulemu wa mafumu. Villiers anatipatsa thukuta la pachombo. Kanema wa BBC anatipatsa misozi ya kukhitchini, ndipo makanema a tchuthi amatipatsa mchenga ndi nyali. Chimene chikusowabe ndi nkhani ya gombe limeneli yolembedwa ndi Mmalawi, m'Chichewa kapena m'Chiyao. Wolemba wotere angaime padoko la Sur akukumbukira Nkhotakota, angamve Chiswahili m'misika ya Muscat kuchokera kwa mabanja amene anabwerera kuchoka ku Zanzibar pambuyo pa 1964, angaswali mumzikiti wokongola uja ndi mtima woyamika, kenaka n'kufunsa dzina la amene wasesa pabwalo lake. Ena mwa amene angalembe nkhani imeneyi ali kale pakati pathu. Ndi amayi aja amene anabwerera, ndipo magazini ngati ino iyenera kuwatsegulira masamba.

Pakadali pano, wokhala ku Area 43 amene ali ndi ndalama za tikiti apite ndithu akaone Salalah, koma akabwerako adzatiuzenso za amene anamuyalira bedi. Ndipo kholo la ku Makanjira kapena ku Chipoka, mwana wake akabwera ndi foni yodzaza zithunzi za Muttrah, likumbukire kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Lifunse dzina la tauni ndi la bwana, lione pangano la ntchito lolembedwa m'chilankhulo chimene mwanayo amamva, lidziwe amene adzasunge pasipoti, ndipo litume wachibale wa mu Lilongwe akafunse ku Unduna wa Zantchito ngati wolemba anthu ntchitoyo ndi wodziwika. Mafunso amenewa palibe kanema wa gombe amene angawayankhe.