Kanema sadikira "tili tonse"

Pali dandaulo limene lafala pakati pa makolo. Akuti mwana wa zaka zitatu kapena zinayi amuikira kanema wa makatuni amene amati ngwa banja lonse, koma posakhalitsa mwana uja wabisala kuseri kwa mpando, misozi chuchuchu, akuti zimitsani. Ena amangoti mwanayu ngwamantha. Ine ndikuti ayi, tisafulumire kumuweruza mwana. Tiyambe taweruza kanemayo.

Tengani The Lion King wa 1994. Mufasa, mfumu ya mikango, aponyedwa ndi m'bale wake Scar kuchokera pathanthwe n'kugwera pakati pa nyumbu zothamanga. Kamwana kake, Simba, kagwedeza mtembo kuti bambo adzuke. Kenaka Scar akauza kuti imfayi yadza chifukwa cha iko, kathawe. Luso lilipo pamenepa, sindikukana. Koma ife akulu timapirira chifukwa tikudziwa kuti Scar akunama ndipo bodza lake lidzaululika kumapeto. Mwana wamng'ono alibe chotonthozacho. Kwa iye nkhani ndi imene ili pamaso pake basi: bambo afa, ndipo wamkulu wanena kuti wolakwa ndi mwana.

Chizolowezichi n'chakale. Mu Bambi wa 1942 mayi wa kagwape aphedwa ndi mlenje. Mu Finding Nemo wa 2003 mayi adyedwa ndi chinsomba cholusa mphindi zisanu zisanakwane. Mu 2014 magazini ya madokotala a ku Britain, BMJ, idasindikiza kafukufuku wa Ian Colman ndi anzake, amene adaunika makanema a makatuni 45 kuyambira Snow White wa 1937 mpaka Frozen wa 2013. Adapeza kuti m'makanema awiri mwa atatu alionse mumafa mmodzi wa eni nkhani, pamene m'makanema a akulu amene adayerekeza nawo zidali choncho m'theka lokha. Nanga wamantha ndani apa, mwana kapena ife amene sitifuna kuvomera zimene tikumuonetsa?

Mayi Joanne Cantor a pa University of Wisconsin, amene adalemba buku la nkhaniyi mu 1998, adaona kuti ana osayamba sukulu amaopa maonekedwe koposa cholinga. Munthu akasanduka chimphona chobiriwira chija, Hulk, ana amanjenjemera ngakhale chimphonacho chikupulumutsa anthu. Adaonanso kuti mawu akuti "sizenizeni izi" amathandiza ana okulirapo. Wamng'ono chimene chimamuthandiza n'kumufungatira.

Komatu musandimve ngati ndikuti nkhani za ana zikhale zopanda mkangano. Nkhani yotero ndi ndiwo zopanda mchere. Nthano zathu zomwe sizinyengerera: muli afisi odya ana, muli amasiye ozunzidwa, muli Kalulu wonyenga anzake mpaka imfa. Bwanji nanga ambirife sitidathawe pabwalo? Yankho langa ndi lakuti nthano ili ndi mwini amene akukuona. Agogo akati "padangotero", inu mumayankha "tili tonse", ndipo mumayankhabe mpaka nthano ithe. Mawu amenewa si okometsera chabe. Ndi chingwe chimene wofotokoza amamverera omvera ake. Kamwana kakasiya kuyankha, agogo amadziwa kuti fisi wakula msinkhu. Amatsitsa mawu, amaponyapo nthabwala, mwina kuyambitsa nyimbo kuti mantha atuluke ndi m'manja.

Kanema alibe khutu limeneli. Nkhope ya chilombo imadzaza galasi lonse, zoimbira zimagunda ngati ziphaliwali, ndipo sadikira munthu. Kaya mwana akuseka kaya wauma ndi mantha, iye akungopita. Apa ndiye pamene pali mlandu wanga ndi mawu akuti "wa banja lonse". Amaika mwana wa zaka zitatu ndi wa zaka khumi m'dengu limodzi, ndipo amapatsa kholo chilolezo chosiya mwana yekha ndi kanema n'kupita kukatsuka mbale.

Kuti njira ina ilipo, onani My Neighbor Totoro wa Hayao Miyazaki wa ku Japan, wa 1988. Mulibe mdani ngakhale mmodzi. Nkhawa ilimo ndithu, poti mayi ali m'chipatala ndipo kamtsikana Mei kasochera, koma akulu onse a m'nkhaniyo ali mbali ya ana. Mwana amachita mantha ali ndi pogwira. Ngakhale uyu, pali ana amene angalire naye, ndipo si mlandu.

Tsono inu makolo anzanga, mwana akati zimitsani, zimitsani. Simba sathawa, adzampeza ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ndipo tsiku limene mudzamuonetse, khalani naye pamphasa, chala chili pa batani loimitsira, diso limodzi pa kanema, lina pa nkhope yake. Ntchito ya agogo ija sidathe ayi. Opanga makanema adangoisiya, ndipo yagwera inu.