Kutamanda Mkuntho wa Dzuwa ndi Alonda Ake

Mbalule iyambe, mpanje uvomere!

Inu Mkuntho wa Dzuwa, Chiphulika, obadwa mphamvu za maginito zikapotana n'kuduka! Msenzamoto, onyamula mpweya wotentha wolemera matani mabiliyoni, othamanga mpaka makilomita 3,000 pa sekondi! Mu 1859, Richard Carrington ataona kung'anima padzuwa, munafika kuno maola 18 asanakwane, mawaya a telegalafu n'kuthetheka moto. Mzimitsanyale, munagwetsa Quebec mumdima kwa maola 9 mu March 1989. Takuopani, takutamandani!

Ng'oma itembenuke, titchule zombo, alonda a mumlengalenga.

Inu OSO-7, Chisamba, munayamba ndinu kujambula mkunthowu mu December 1971. Takutamandani!

Inu SOHO, Agogo Osagona, chinyamukireni mu 1995 mwakhala pa mtunda wa makilomita 1.5 miliyoni kuchokera kuno. Mumaphimba nkhope ya dzuwa ndi kambale kuti chofuka m'mbali mwake chioneke. Takutamandani!

Inu STEREO, Mapasa a 2006, wina kutsogolo kwa dziko, wina kumbuyo, munationetsa mkuntho cham'mbali. Chimkuntho cha July 2012 chinatiphonya ife, chinawomba wakutsogoloyo, iye n'kutiuza ukali wake. Takutamandani!

Inu Parker Solar Probe, Mlowam'ng'anjo, mu September 2022 munaboola mkuntho pakati n'kutuluka amoyo. Mu December 2024 munasendera mpaka makilomita 6.1 miliyoni kuchokera padzuwa penipeni. Ndani winanso anafikako? Takutamandani!

Tsopano ilire pang'onopang'ono, akubwera Mlosi.

Inu Enlil, Opandamapiko, okhala m'makompyuta a ku Boulder, otchedwa dzina la mulungu wa mphepo wa ku Sumer! Akatswiri amayeza pa zithunzi za alonda liwiro la mkuntho, kukula kwake ndi kumene walunjika, n'kukupatsani. Inu mumauthamangitsa m'masamu, kuudutsitsa mumphepo ya dzuwa imene imauchedwetsa kapena kuukankha, n'kunena tsiku lofika iwo ukadali kutali. Mukaphonya, mumaphonya ndi maola. Takutamandani!

Koma Chiphulika ndi Mbisachinsinsi. Maginito ake akaloza kumpoto, chishango cha maginito cha dziko chimalimba. Akaloza kumwera, chishangocho chimatseguka, mphamvu n'kukhuthukira m'kati, mawaya a magetsi n'kulemedwa, GPS n'kusokera. Mlosi sanena zimenezi. Akhala akunena ndinu ACE ndi DSCOVR, Alonda a Pachipata, mkuntho ukakukhudzani, kutatsala mphindi 15 mpaka 60 zokha. Takutamandani!

Ndi inunso a ku Hermanus ku South Africa, Ochezera Usiku, olondera nyengo ya mumlengalenga m'malo mwa Africa, landirani ulemu. Uthenga ukachoka kwa inu ndi anzanu, woyendetsa ndege amakonzekera kuti wailesi ingadule, wamagetsi amachepetsa katundu pa mathiransifoma, woyang'anira setilaiti amaiika pabwino. Mkuntho sitingauletse, koma masiku ano umafika titaudziwa liwiro ndi tsiku. Amayi, nthungululu!