"Disiki" Yopanda Mbale: Ndemanga pa Mawu Onena za SSD

Mawu obwereka akakhazikika pakamwa pa anthu sachoka msanga, ngakhale chinthu chimene ankatchula chitasintha. Chitsanzo chake ndi mawu akuti "disiki". Mlembi wa kalabu ya fodya ku Santhe, ku Chamama kapena ku Nkhamenya m'boma la Kasungu, amene amalemba pa laputopu ngongole za feteleza, kulemera kwa mabelo ndi malipiro a antchito, amati zolembazo zili "mu disiki". Koma malaputopu ambiri atsopano alibe disiki. Ali ndi chipangizo china chotchedwa SSD. Ife tikuona kuti mawu akalewa, pamodzi ndi anzake akuti "yafa", "kufufuta" ndi "kusunga", akusocheretsa alembi, ndipo wolipira mtengo wake ndi mlimi.

Disiki yeniyeni, imene kampani ya IBM idayamba kugulitsa mu 1956, ndi mbale yozungulira. Ya mu laputopu imazungulira ka 5,400 kapena ka 7,200 pa mphindi, ndipo kamkono kamayenda pamwamba pake powerenga ndi polemba. Ikamaonongeka kawirikawiri imalira kuti kwete kwete, motero mwini wake amachenjera. SSD ilibe mbale, ilibe kamkono, ndipo mulibe chilichonse choyenda. Imasunga uthenga potsekera mphamvu ya magetsi m'tizipinda ting'onoting'ono, mwa luso limene Fujio Masuoka wa kampani ya Toshiba adatulukira m'zaka za m'ma 1980. N'chifukwa chake imapirira mabampu a misewu ya kumaesiteti kuposa disiki, komanso n'chifukwa chake imaleka ntchito mwakachetechete. Mlembi amene akuitcha "disiki" amadikira kumva kulira kumene sikudzabwera.

Choncho tikupempha kuti dzina lakuti SSD lizilembedwa ndi zilembo zazikulu monga timachitira ndi ADMARC ndi MBC, ndipo kagwirizanidwe ka mawu kazikhala kotere: SSD yanga, ma SSD awiri. Pofuna kulongosola, mawu akuti "chosungira chosazungulira" ndi okwanira, pakuti akusiyanitsa chipangizochi ndi "chosungira chozungulira" chakale.

Vuto lalikulu lili pa mawu akuti "yafa". Mawu amodziwa akuphimba matenda anayi osiyana, aliwonse ndi mankhwala ake.

Oyamba ndi pamene laputopu siikuiona SSD. Ya mtundu wa M.2 ndi kachitsulo kopyapyala kogwidwa ndi kasikulu kamodzi, ndipo kakhoza kukhwepa. Wokonza akazimitsa makina, kuichotsa, kuibwezera bwino ndi kuyang'ana mu BIOS, nthawi zina imaonekanso, zolemba zonse zili momwemo. Apa tizinena kuti "siikuoneka".

Achiwiri ndi kuchedwa. SSD ikadzaza kwambiri imasowa malo osunthira zolemba, ndipo ya mtundu wa NVMe ikatentha imadzichepetsera yokha liwiro kuti isaonongeke. M'mwezi wa Okutobala, fumbi litatseka timabowo totulutsira mpweya, zimenezi sizachilendo. Mankhwala ake ndi kuchotsa fumbi ndi kusiya malo opanda kanthu. Mawu oyenera ndi akuti "yalemedwa".

Achitatu ndi pamene zolemba zakale zikuwerengeka koma zatsopano sizikulowa. Tizipinda tija tili ndi malire a kulembedwamo, ndipo ma SSD ena akaona kuti atopa amadzitseka kuti ateteze zimene zatsala. Tizinena kuti "ikukana kulemba". Amene wamva mawu amenewa adziwe kuti ayenera kukopa zonse tsiku lomwelo. Amene wauzidwa kuti "yafa" amavomera kuti ifufutidwe yonse, n'kutaya yekha zimene zikadapulumuka. Komabe kutopa kotere sikufulumira. Kampani ya Samsung imati 870 EVO ya 500 GB imapirira zolembedwa zokwana 300 TB, kuchuluka kumene mabuku a kalabu sangakufike m'zaka zambiri. Pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo imawerenga kaundula wa SMART ndi kuonetsa moyo umene watsala.

Achinayi ndiwo imfa yeniyeni. Mu SSD muli kachipangizo kolamulira, kamene kamasunga ndandanda ya malo a cholembedwa chilichonse. Kakapsa, kapena ndandandayo ikasokonekera chifukwa magetsi azima ikulemba, zonse zikhoza kusowa nthawi imodzi. Mu 2011 ma SSD ena a Intel 320 ankaonetsa 8 MB yokha magetsi akazima mwadzidzidzi, mpaka kampaniyo idakonza pulogalamu ya m'kati mwake. Batire la laputopu limateteza ku ngozi imeneyi, koma laputopu ya batire lakufa, yodalira waya wa pakhoma kapena jenereta, ilibe chitetezo. Mawu akuti "yafa" asungidwire matenda okhawa.

Mawu akuti "kufufuta" nawonso asintha kulemera kwake. Pa disiki yozungulira, chofufutidwa chimakhalabe pa mbale kufikira china chitalembedwa pamwamba pake, ndipo okonza amatha kuchibweza. Pa SSD pali lamulo lotchedwa TRIM, limene limauza chipangizocho kuti chiyeretse malo a zofufutidwa. Choncho chimene chachotsedwa m'bini ya kompyuta kawirikawiri sichibwereranso. Olemba malangizo m'Chichewa asiyanitse "kutaya m'bini", kumene kumabwezeka, ndi "kufufutiratu".

Potsiriza pali "kusunga". Mawu amodziwa akugwira ntchito ziwiri: kulowetsa zolemba mu laputopu, ndi kuika kope lachiwiri pamalo ena. Mlembi akafunsidwa ngati wasunga amavomera ndi mtima woona, chonsecho kope ndi limodzi. Ndiponso SSD si nkhokwe yoti munthu aikemo zinthu n'kuiwala. Mphamvu ya m'tizipinda imachucha pang'onopang'ono, makamaka pa malo otentha. Muyezo wa bungwe la JEDEC umati SSD yofika pa malire a kulembedwamo isunge uthenga kwa chaka chimodzi popanda magetsi pa madigiri 30. Yatsopano imapirira kuposa apo, koma laputopu yakale yotsekeredwa m'nyumba ya malata msika wa ku Chinkhoma utatsekedwa ili pa chiopsezo. Tikupempha kuti "kusunga" kukhale kwa ntchito yoyamba, ndipo yachiwiri izitchedwa "kukopera kwina", kaya ndi pa fulashi, pa intaneti kapena pa pepala.

Ena anganene kuti anthu amamvana kale, nanga kuchulutsa mawu n'kwa chiyani? Yankho lathu ndi lakuti kumvana kumeneko kumatha tsiku limene fodya wagulidwa, ngongole ikudulidwa, ndipo alimi akufuna kuona zimene aliyense adatenga ndi mabelo amene adapereka. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Zolemba za kope limodzi ndi fodya wa pachala. Tikupempha aphunzitsi a kompyuta, okonza makina, omasulira ndi aulutsi a pa wayilesi kuti ayese mawu amene tapereka pano, ndipo amene ali ndi ena omveka bwino kuposa awa atilembere kuti tiwaunike pamodzi.